Mkanjo Woyera M'dziko la Matope

Zikomo amayi, zikomo abambo. Mpandowo usiyeni, ndiima chomwechi. Ndikakhala pansi mawu amandithawa. Ndaona kumbuyoko kwakhala anzanga ena amene akadali ndi mikanjo yawo yoyera, ndipo akhalira pafupi ndi khomo kuti zikavuta angotuluka. Khalani, abale anga. Muno mulibe amene ati akuvuleni. Benchi limenelo ndikulidziwa, nanenso ndinayambira pomwepo.

Ine ndine make Estere. Kwathu n'konkuno kwa Mwambo, kumunsi kwa sikimu ya mpunga ya Likangala, kumene m'dzinja ukaponda pansi phazi limatuluka lokha, patapata n'kutsala momwemo. Ndabwera kudzanena za mwana wanga mmodzi yekhayo, Estere. Ndinamulowetsa ndekha, ndi manja angawa, m'gulu limene ine ndinatulukamo, koma iye akadali momwemo mpaka lero. Ngati mumayembekezera umboni wothera ndi nthungululu, pepani, wanga sunafike pamenepo.

Muyambe mwadziwa kaye chimene ndinkasirira. Kumpingo kwathu kwakale amayi amavekedwa yunifolomu, bulauzi yoyera ndi duku lake. Ine sankandiveka, chifukwa ukwati wanga ndi bambo ake Estere unali wosadalitsa. Mwamunayo anali msodzi, wokhala miyezi ku zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pakati pa nyanja ya Chilwa, ndipo ndikamukumbutsa ankangoti, “Tidzadalitsa matemba akagwidwa.” Matemba ankagwidwa ndithu, koma madalitso ake ankathera m'mabotolo a kachasu ku Kachulu. Choncho pamaliro alionse ine ndinali wa kumoto ndi kumjigo, utsi uli m'maso, anzanga ovala akuimba pasiwa. Ena mwa ovalawo ndinkadziwa bwino zochita zawo, koma bulauzi inkawaphimba. Ndinkapsa mtima, ndipo sindibisa, ndinkachita nsanje.

Kenaka mwamuna uja anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba aja amene amabwera ndi mvula kunyanjaku. Mpingo unatumiza mkulu mmodzi kudzapemphera. Amayi anabwera ndithu, anaphika, anagona pasiwa, koma anabwera ndi zitenje wamba, popeza malemuyo sanali wa mgonero. Lamulo ndi lamulo, sindikuwada ayi. Koma ine ndinaona kuti mwamuna wanga akuikidwa ngati mlendo wofera panjira.

Titabwera kumanda ndi pamene anatulukira anthu aja. Anabwera mondondozana pa kanjira ka pakati pa mapuloti a mpunga, amuna ndi akazi, onse atavala mikanjo yoyera mbee, yofika m'mapazi, akuimba pang'onopang'ono. Inu mukudziwa kwathu kuno. Chitenje chatsopano chimakhala chatsopano tsiku limodzi. Madzi a nyanja ndi ofiirira, dothi ndi makande, choyera ndi kakowa yekha. Ndiye kuona anthu ambirimbiri oyera chotero, mtima wanga unagwada ndisanamve n'komwe chimene amaphunzitsa. Anamfedwa ena onse atabalalika iwo anatsala. Anakhala nane pamphasa, anandigwira manja, mawa lake anabweranso.

Mtsogoleri wawo tinkamutchula Atate, chonsecho anali mnyamata woti ndikanatha kumubereka kumbuyo. Anandiyang'ana nati, “Mayi, akhala akukumanani chovala zaka zonsezi. Mulungu alibe komiti. Bwerani, ife tikuvekani.” Mawu amenewo ndi amene anandigwetsa, abale. Sanandilodze, sanandimwetse kanthu. Anangondikanda poyabwa.

Mwezi usanathe tinavekedwa, ine ndi Estere. Mwambo wake unali wakuti zovala zonse zakale, zimene ankazitcha za ku Iguputo, uziponye wekha pamoto. Ndinaponya zitenje zanga zonse, ndi chimene anandisiyira mayi anga chomwe. Estere anali ku sekondale, fomu thu. Anakumbatira yunifolomu yake ya sukulu akulira. Ndinamulanda ndine, ndinaiponya pamoto ndine, anthu n'kuwomba m'manja kuti mayi uyu ali ndi chikhulupiriro. Tinabwerera kunyumba aliyense ndi mikanjo iwiri, osatsala ndi kansalu kena kalikonse.

Tsono lamulo lalikulu linali ili: mkanjo sukhudza thope, sukhudza mamba a nsomba, sukhudza magazi, ndipo suvulidwa pamaso pa munthu. Banga la pamkanjo ankati ndi tchimo la mumtima limene latulukira kunja. Tsiku lina wa kabaza anandiwazira madzi a pachithaphwi. Ndinagwaditsidwa pakati pa bwalo dzuwa lili paliwombo, Atate akufunsa.

“Mlongo, banga ili lachokera kuti?”

“Ndi njinga, Atate.”

“Njinga ilibe mlandu. N'chiyani chili mumtima mwako chimene chaitana thope?”

Ndinafufuza m'mutu, osapeza kanthu, kenaka ndinapeka kuti ndinasirira nsomba ya mnansi. Anthu anati Ameni, ndinakhululukidwa, ndipo pofika kunyumba ndinali nditakhulupirira bodza langa lomwe.

Taganizani nokha, munthu wa ku Chilwa amene sakhudza thope ndi nsomba adya chiyani? Puloti yanga ya mpunga inamera udzu mpaka akomiti ya sikimu anaipereka kwa wina. Mbuzi ndi matumba a mpunga amene ndinali nawo zinapita ku nyumba ya Atate, kumene ankati kukhale nkhokwe ya oyera onse. Ntchito yathu inasanduka kuchapa. Kuchapa m'mawa, kuyanika, kupemphera, kuchapanso. Pamjigo tinkakangana ndi mudzi wonse chifukwa tinkathera madzi pa nsalu anzathu akufuna akumwa. Sopo tinkagula, mchere ayi.

Koma anthu ankatilemekeza, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Anyamata a kabaza ankatinyamula ulere kuti tiwadalitsire njinga. Pamsika ankatipatukira. Amayi aja a mabulauzi anayamba kundipatsa moni ndi manja awiri, ine n'kumayenda khosi lili gwa. Palibe amene anafunsa kuti, kodi anthuwa akudya? Kodi ana awo akuchita chiyani pakhomo nthawi ya sukulu? Ankangoona kuyera n'kumati awa ndiye anthu a Mulungu. Amene sanatengeke anali Abiti Juma okha, anansi anga Achisilamu, ogulitsa matemba, amene puloti yawo inkagundana ndi yanga. Tsiku lina anandiimitsa panjira nati, “Amake Estere, mwayera ndithu, koma khosi likuondatu. Kodi nsaluyo mumadya?” Ndinawayankha kuti mdima sungamvetse kuwala, n'kukweza mkanjo wanga kuti usakhudze dengu lawo. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu ndinali nditalikulunga m'duku.

Atsikana ena ankasankhidwa kukakhala ku nyumba ya Atate, kumuchapira ndi kumuphikira. Amenewo ankamangidwa lamba wabuluu m'chiuno. Tsiku limene Estere anamangidwa lamba ine ndinavina. Mayi wina aliyense akanafunsa kuti mwana wamkazi akagona chipinda chiti, ndipo kiyi wa chipindacho asunga ndani. Ine ndinkangoona lambayo, n'kumati mwana wanga wakwera. Anabwera kamodzi kudzandiona, anakhala pakhonde akupotokola nsonga ya lamba wakeyo. Kenaka anati, “Amayi, bwanji ndizingokhala kuno ndi inu?” Ndinamuuza kuti anzake akulirira lamba ameneyo, asachititse manyazi banja. Ndinamuperekeza ndekha mpaka pachipata.

Zinthu zinatembenuka chifukwa cha khanda la mnzathu wina. Linadwala malungo, ndipo ife chipatala tinkachitcha nyumba ya osakhulupirira. Tinalifunditsa mkanjo wa Atate, tinaimba, tinaimba, mpaka linazizira m'manja mwa make. Ine ndinali pomwepo, ndinkaimba nawo. Mbiri itawanda, maso omwe aja ankationa ngati angelo anayamba kutiona ngati afiti. Nsalu yake yomweyo, sopo wake yemweyo. A kabaza akationa ankapalasa mothawa. Ana ankatigenda. Anthu ankati timagona kumanda, timamwa magazi, zimene sitinachitepo. Koma zimene tinkachitadi, kumana ana chakudya, mankhwala ndi sukulu, zinkatchulidwa pang'ono, chifukwa zimenezo sizioneka pansalu. Ndipo mkwiyo wa anthu sunasankhe. Pali mipingo ina kuno yovala zoyera, ya anthu olima, opita kuchipatala, osavuta munthu. Gogo wina wa mpingo wotere, wosatidziwa n'komwe, anamenyedwa pamsika mpaka kuthyoka mkono chifukwa cha mkanjo wake. Mkono umenewo unathyokera ife.

Atate anali wochenjera kuposa tonse. Ataona kuti kwatentha, anatisonkhanitsa nati walandira vumbulutso: osankhidwa apite ku tauni kukatsegula khomo latsopano, ndipo iwo nthawi ya mkanjo yawathera. Otsalafe tipitirize kuvala, tisenze chitonzo, mpaka adzatiitane. Lole inabwera masana, inanyamula matumba, inanyamula iye ndi akuluakulu ake ndi atsikana a malamba. Estere anakwera osacheuka, popeza kucheuka ankati ndi tchimo la mkazi wa Loti. Ine ndinaimika dzanja kutsanzika. Sindinadziwe kuti watisiyira mikanjo kuti miyala izipeza pogwera iye ali kutali.

Miyezi imene inatsatira sindifuna kuikumbuka, koma ndinena. Njala inalowa m'nyumba. Nyika, zimene anzathu amakumba m'madambo nthawi ya chilala, ine sindikanatha kukumba chifukwa cha thope. Ndinafika pomatola madeya ku chigayo anthu akachoka. Ndinaba chinangwa m'munda wa achimwene anga, nditakwinya mkanjo m'chiuno kuti usade. Taonani nzeru zake, kuba n'kuba koma nsalu iyere. Sopo atatha ndinkachapa ndi phulusa. Achimwene angawo, a Bonifasi, amene ndiwo eni mbumba, anandiuza kuti ndisadzaponde pakhomo pawo nditavala chinsalu cha maliro chimenecho. Kuvula ndinkafuna nthawi zina, koma ndivule ndivale chiyani? Zonse ndinatentha. Ndipo ndinkaopa kuti ndikavula Estere afa kumene aliko, chifukwa anatiphunzitsa kuti tchimo la mayi limagwera mwana. Panali tsiku limene ndinakhala m'mphepete mwa ngalande yaikulu ndikuganiza kuti mkanjowu ungokhala nsalu yondiikira m'manda, zithe. Ngati muno muli wina amene wafika pamenepo, ndagwira mwendo wanu, musachoke lero musanayankhule ndi munthu.

Tsono tsiku lake linafika chonchi. Inali nyengo yowokera. Mtima unandiwawa ndi kusowa mwana, ndipo ndinati ndipita ku tauni wapansi, popeza panalibe wondinyamula. Msewu waukulu ndinkauopa chifukwa cha miyala, ndiye ndinadzera m'sikimu. Mvula inali itangogwa, tinjira ta pakati pa mapuloti tili toterera. Ndinkayenda monyang'ama, manja onse awiri atanyamula mkanjo m'mwamba, moti ndinalibe dzanja lodzitchinjirizira. Phazi linaterereka. Ndinagwa chafufumimba m'puloti yopondaponda kale, yoti akuwokera. Ndikuti ndidzuke, ndinagwanso chagada. Thope linandimata kuyambira duku mpaka chidendene, osatsala ngakhale kachigamba koyera.

Ndinakhala phee m'madzimo, nditatsinzina, kudikira. Ndinkadikira mphenzi, kapena kuti mtima uime, chifukwa ndi zimene anatilonjeza. Ndinangomva achule akulira ndi madzi ofunda akulowa m'khosi mwa mkanjo. Ndinadikirabe. Kenaka ndinamva mapazi akuthamanga m'madzi, chubwi chubwi, ndi mawu a amayi.

“Mayo! Pepani mayi, pepani! Mwapweteka?”

“Tawagwirani mkono uko inu. Kanjira kameneka kagwetsa ambiri.”

“Koma mwagwa mwaluso, mayi, mwachita kuphiriphitha ngati mlamba!” Onse n'kuseka.

Anali amayi a ganyu ochokera kumtunda, osandidziwa nkhope. Anandidzutsa. Wina anandipukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chake, wina anandinyemera chinangwa chophika chimene anali atamanga pansalu. Abale anga, panali patapita nthawi yaitali bwanji munthu asanandikhudze? Amayi omwewo akanandiona dzulo lake akanalavula malovu n'kuthawa. Ine ndinali yemwe uja, mlandu wa khanda lija uli pamutu panga pomwepo, njala ili yomweyo. Chinasintha n'chakuti thope linabisa nsalu, ndiye anaona munthu. Ndinalira mokweza, iwo n'kumayesa kuti ndathyoka mwendo.

Eni puloti anafika pambuyo, ndipo anali Abiti Juma. Anandizindikira nthawi yomweyo. Ndinati basi, anena, ndipo manja amenewa andisiya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anawerama, anatola mtolo wa mbande n'kundiikira m'manja.

“Popeza mwada kale, chemwali,” anatero, “tawokerani mzere uwo. Dzuwa likupita.”

Zala zanga zinakumbuka zokha. Ndinawerama, ndinabaya mbande yoyamba, kenaka ina, kenaka ina, thope likulowa pakati pa zala monga kale. Ulendo wa ku tauni unathera pomwepo tsiku limenelo. Amayi aja ankacheza za mtengo wa feteleza ndi za apongozi awo, ine ndikungomvetsera ngati munthu wobwera ku ndende. Tikuweruka, Abiti Juma ananditengera kuseri kwa bango, anamasula chitenje chimodzi mwa ziwiri zimene anavala n'kundipatsa, pamodzi ndi sikipa yakale imene inali m'dengu.

“Chakudachi mukufuna mukachichape?” anafunsa.

Ndinati ayi.

“Ndiye musataye, nsalu ndi nsalu. Mpunga ukacha tidzapachika pamtengo, chiziopseza mpheta.”

Ndipo ndi mmene zinakhaliradi. Mkanjo umene ndinkauopa kuposa Mulungu unathera pamtengo, ndipo mpheta zina zinkatera pomwepo.

Musaganize kuti kuchoka pamenepo zinayenda myaa. Masabata oyamba ndikaona banga pachitenje ndinkadzidzimuka, bondo n'kumafuna kugwada lokha. Choyamba chimene ndinachita ndi kudya. Ndikunena zoona, munthu wanjala saganiza, n'chifukwa chake ankatisunga ndi njala. Ndinagwira ganyu kwa Abiti Juma nyengo yonse. Anandiperekeza kuchipatala, kumene anandipeza ndi magazi ochepa, ndipo anamwino sanandinyoze monga ndinkaopera. Ndinapita kwa make khanda lija, tinalira limodzi, ndipo patapita nthawi nayenso anavula. Ali muno, sindimuloza. Ndinapita kwa gogo wothyoka mkono uja kukapepesa. Iwo akuvalabe mkanjo wawo mpaka lero, ndipo ndi munthu wa Mulungu kuposa ine. Kwa akomiti ya sikimu ndinakapempha. Puloti yanga sinabwerere, koma anandipatsa kachidutswa kumapeto kumene madzi amafika mochedwa, ndipo ndikulimapo. Kumpingo kwakale ndinabwerera, ndimakhala kumbuyo. Posachedwapa anandiuza kuti popeza tsopano ndine wamasiye palibenso chotsekereza, akhoza kundiveka bulauzi ija. Ndinawathokoza, ndinati ayambe adikira. Sindikuinyoza ayi, koma ndikudzidziwa ndekha mmene ndimaledzerera ndi nsalu.

Inu a kumbuyoko, funso lanu ndikulidziwa: ndikavula ndivala chiyani? Amayi ena abweretsa zitenje ndi malaya, zili m'kalasi inayo pasukulu pano, ndipo palibe amene akufunseni dzina. Inunso amene muli ndi wachibale m'gulu lotere, musamugende, musamuthamangitse pakhomo, chifukwa mukatero mukutsimikizira zimene anamuuza zoti dziko limamuda. Mupatseni chakudya ndi chovala, mafunso abwere pambuyo.

Tsopano za Estere. Nditakolola mpunga woyamba ndinakagwada kwa achimwene a Bonifasi kuti, monga malume ake, tikamutenge mwana. Anavomera. Tinakwera minibasi mpaka ku tauni ya Zomba, tinafunsafunsa mpaka tinapapeza. Atate akubwereka holo yaikulu tsopano, dzina la gulu anasintha, ndipo akumutchula abusa. Ali ndi masipika, ali ndi kiyibodi, wavala suti ndi tayi, nsapato zonyezimira. Odzaza m'holomo ndi aphunzitsi, amalonda, anthu a m'maofesi. Pakhomo panaima atsikana olandira alendo, masiketi akuda, majekete, nsapato zazitali. Mmodzi mwa iwo anali mwana wanga.

Achimwene anangoti kukamwa yasa. Anandikokera pambali.

“Chemwali, mwandivutitsiranji? Ine ndimayesa tikapeza mwana ali patchire atavala chinsalu chija. Tamuonani, ngati wa ku banki! Pano ndi patchalitchi pabwinobwino. Zamikanjo zija zinatha.”

“Achimwene, tamuyang'anani m'maso, jeketeyo isiyeni.”

“Maso ake ali bwinobwino. Inu mwangozolowera mavuto.”

Anamupatsa moni Estere, anamuyamikira kuti watukuka, n'kupita kukagula mbedza kumsika. Ndinapitanso kwa akuluakulu ena amene ndinkayesa kuti angandithandize. Yankho linali lomwelo: gulu loopsa lija linabalalika, uyu ndi m'busa wooneka bwino, ndipo mwana wanu wakwanitsa zaka zodzisankhira yekha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu aliyense amaudziwa, koma akaona suti amauiwala.

Ine ndinaona zimene malume ake sanaone, chifukwa ndinakhalamo. Ndinaona kuti asanandipatse moni anayamba wayang'ana kwa mkulu wina kuti amuloleze. Ndinaona mkono wake mmene waondera m'kati mwa jekete. Ndinamva mawu ake, omwe aja tinkaloweza pabwalo, osasintha ngakhale limodzi. Mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi holoyo anandinong'oneza kuti atsikanawo amagona ku nyumba ya abusa, sadya abusa asanadye, ndipo wina akadwala amamutsekera m'chipinda n'kumamuimbira. Malamulo ndi omwe aja. Anangovula chizindikiro chimene chinkachenjeza anthu, ndipo tsopano palibe womugenda, palibenso womufunsa.

Mwezi wathawu ndinapita ndekha. Wa tomato uja anandilozera kuseri, kumene atsikana amachapira. Ndinadikira pampanda mpaka Estere anatuluka ndi beseni kudzataya madzi. Panalibe womuyang'anira. Ndinamuitana ndi dzina la paubwana limene ndimadziwa ine ndekha, ndipo anaima.

“Mwana wanga,” ndinatero, “ndinalakwa ndine. Zonse zija n'zabodza. Ndinavula, sindinafe, iwenso sunafe. Kusukulu akuti akhoza kukulandiranso. Tiye kwathu.”

Misozi inali ikutsika, sindinathe kuigwira. Iye anaika beseni pansi. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anandiyang'ana ndi maso otopa ngati a nkhalamba.

“Amayi,” anatero, “pondilowetsa muno munkalira chomwechi, mukuti mwapeza choonadi. Lero mukuliranso, mukuti mwapeza choonadi. Ndikhulupirire misozi iti?”

Anatola beseni lake n'kulowa.

Funso limenelo ndabwera nalo mpaka muno, ndipo yankho ndilibe. Inu amene muli ndi ana m'katimo, musachite ngati ine. Potuluka mutuluke mutamugwira mwana dzanja, kaya alire, kaya akulumeni, chifukwa pa zinthu zotere mawu a mayi amagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo anga ndinawathera polowa. Loweruka likubwerali ndipitanso. Sindikanena kanthu. Ndikangoima pampanda paja pamene angathe kundiona, ndipo ndizipita chomwecho mpaka adzatope kundikayikira, kapena mpaka miyendo idzandikane.

Inu amene mumapemphera, kaya kutchalitchi kaya kumzikiti, dzina lake ndi Estere.